Tsitsi la pa Kapu

3 Febuluwale

Okondedwa Achimwene,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Nanga mwendo wa Amayi, kutupa kuja kunaphwa? Mundiuze zoona, musandibisire ngati chaka chatha. Kuno tili bwino, ine ndi mng'ono wanga Mzime, ngakhale kuti mawu oti "bwino" pena amangotuluka mwachizolowezi.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa chipinda chathu ndi chimodzi, ndikamaimba foni Mzime amakhala ali pomwepo, ndipo zimene zili mumtima mwangamu sindikufuna azimve.

Kufakitale kwasintha. Mukudziwa kuti kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuima pa lamba wonyamula makapu, kuwayendera akamatuluka mu uvuni. Kapu iliyonse ndimaitembenuza pa kuwala, kenako ndimaigogoda ndi kasupuni. Yabwino imalira ngati belu, yosweka m'kati imangoti gu. Tsopano abweretsa makamera anayi n'kuwapachika pamwamba pa lamba. Kapu ikamadutsa amaijambula mbali zonse, zithunzizo n'kupita pa intaneti kumakompyuta ena akutali amene iwo amawatchula kuti mtambo. Kumeneko ndi kumene kumachokera chigamulo, ndipo kamkono kachitsulo kamakankhira pambali kapu yoipa munthu usanaphethire n'komwe. Ife tachipatsa dzina loti Diso.

Koma Diso limabwera lisakudziwa kanthu, limayenera kuphunzitsidwa. Ndipo woyang'anira maphunziro akewo asankha Mzime. Inde, Mzime yemweyo amene ndinakamupemphera ntchito yolongedza makatoni miyezi isanu ndi iwiri yapitayo mu ofesi ya akapitawo. Akuti ali ndi pepala la zamakompyuta. Amupatsa mpando wa matayala m'kachipinda ka magalasi, kozizira bwino, ndi tabuleti yoti aziyenda nayo. Akandiona pa galasi amandibayibitsa.

Achimwene, ndiulule. Tsiku limene analengeza, anzanga onse anaomba m'manja n'kutembenukira kwa ine kuti andione ndikusekerera. Ndinaonetsa mano okha. Ine ndinalekezera fomu folo kuti iye apitirire, mukukumbuka. Ndapemphera kuti chinthu chimenechi chichoke pachifuwa panga, koma m'mawa uliwonse ndimachipeza chili pomwepo. Mundikumbukire m'mapemphero, ndipo ndime ino Amayi musawawerengere.

Ndine mlongo wanu,
Chisamba

17 Febuluwale

Achemwali,

Kalata yanu yafika dzana, itagona masiku angapo m'thumba la dalaivala wa basi, moti ikununkha dizilo. Tonse tili bwino. Mwendo wa Amayi waphwa, akuyenda okha mpaka kutchalitchi. Pobwerera amapumira pa shedi yanga n'kumandiphunzitsa kupala matabwa, ntchito imene ndaigwira zaka makumi awiri.

Ndime ija sindinawawerengere. Koma ya mtambo ndinawerenga, ndipo yatipatsa ntchito kuno. Amayi auza gulu lonse la amayi a mapemphero kuti mwana wawo wotsiriza amatumiza zithunzi kumwamba ndipo yankho limatsika nthawi yomweyo. Ndinayesa kuwaongolera, akuti ndine wansanje. Ndiye mwaonatu, m'banja muno ansanje tilipo awiri.

Inu Achemwali, mpando wa matayala mpaka ukudwalitseni mutu? Ndikupangirani wanu, ndidzaika matayala a wilibala, muzikadutsa nawo pa galasi pakepo n'kumamubayibitsa. Nthabwala pambali, mwanayo munamubereka kumsana ndinu. Amene akumuyamikira akuyamikira manja anu osadziwa. Zimenezi zimapita zokha, musaziikire kumtima.

Chimene simunandiuze ndi ichi: Diso lanulo likaphunzira, inu mudzaima pati? Yankhani msanga, ndipo kalata mudzapatse kondakitala, dalaivala uja ndi woiwalaiwala.

Mlongo wanu,
Kalipentala

9 Malichi

Achimwene anga,

Moni kwa inu, alamu, ana ndi Amayi. Ndamva kuti ndatchuka kutchalitchi. Chonde muwauze Amayi kuti mtambo wathu uli ndi mawaya ndipo magetsi akazima nawonso umangokhala chete.

Ndikulemba pa nthawi yopuma masana. Ntchito ndi yambiri kuposa mmene anthu akuganizira akandiona nditakhala. Tajambula zithunzi za makapu zokwana masauzande asanu ndi limodzi. Oyendera makapu akale, Achemwali ndi anzawo, amalemba pa chithunzi chilichonse dzina la chilema chimene akuchiona. Ine ntchito yanga ndi kugawa mayinawo m'magulu awiri: zotaya, ndi zopukuta, ndiye kuti tizinyalala tongomata pamwamba timene kapu ikhoza kudutsa nato bwinobwino. Diso limaphunzira kuchokera m'magulu amenewa.

Vuto ndi loti anthuwa ali ndi chilankhulo chawochawo. Utoto ukachita timatuza amati nthomba. Ukayenderera amati misozi. Pena alemba kuti chipsera, pena dazi. Tsiku loyamba ndinafunsa kukantini kuti dazi pa kapu ndi chiyani, ndipo tebulo lonse linagwa ndi phwete. Mmodzi anavula kapusi n'kundionetsa mutu wake, ati ndijambule nditumize kumtambo. Kuyambira pamenepo amanditchula kuti Abwana a Kumitambo. Sindinafunsenso. Mainjiniya a kampani imene inatigulitsa makinawa amalankhula nane pa sikirini, mofulumira, ndipo ndimangogwedeza mutu ngakhale pamene sindinamve.

Achemwali masiku ano salankhula kwambiri. Ndikuganiza kuti ndi kutopa, miyendo imawatupa madzulo. Ndayamba kuwachapira yunifolomu kuti azipuma. Musawauze kuti ndili ndi mantha. Ndikudziwa kuti akunyadira ine, ndipo sindikufuna kuwachititsa manyazi pamalo pamene anandipempherapo ntchito.

Wanu,
Mzime

30 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse. Zikomo chifukwa cha mpando wa wilibala, ndinaseka ndekha ngati wamisala. Ana akuchita bwanji kusukulu? Amayi mankhwala aja akumwabe?

Munafunsa kuti ndidzaima pati. Ndaima kumapeto kwa lamba, pafupi ndi mgolo wa zinyalala. Diso layamba ntchito sabata yatha. Lamba amuwonjezera liwiro, moti kugogoda makapu kwatha, palibe dzanja lingathe. Ntchito yanga tsopano ndi kuyang'ananso makapu amene Diso lawakana, kuti mwina lataya abwino. Amene lawavomereza amangodutsa kupita m'makatoni, palibenso munthu wowakhudza.

Lachinayi kunali msonkhano wa antchito onse. Abwana aakulu anaonetsa pa khoma mizere yofiira ndi yobiriwira yochokera kumtambo, n'kunena kuti m'masiku asanu okha makinawa atulukira kuti nthomba zambiri zimachokera pa shelefu yachitatu ya uvuni wachiwiri, chifukwa mbali imeneyo imatentha mopitirira. Anamuimiritsa Mzime, anthu n'kuomba m'manja. Achimwene, za shelefu imeneyo ine ndakhala ndikunena kwa zaka zinayi. Ndinauza akapitawo akale, ndinauza atsopano, onse ankangoti amva. Lero zanenedwa ndi mizere ya pa khoma, abwera amisiri tsiku lotsatira lomwelo.

Pobwerera kunyumba Mzime anandikolowekera dzanja pa mkono, akulongolola njira yonse. Anafunsa ngati ndinamuona ataimirira. Ndinati ndinamuona. Amandichapira yunifolomu masiku ano, ndipo ine mdyerekezi amandinong'oneza kuti akundimvera chisoni ngati nkhalamba. Ndikudziwa kuti ndi tchimo kuganiza choncho. Ndikamuona akugona, nkhope yake ndi yomwe ija ya ali mwana, ndipo ndimadzida.

Pali kanthu kena kamene ndinaona m'kachipinda kake ka magalasi. Ndinayamba kukalemba pano koma ndafufuta. Mwina sikadzavuta.

Mlongo wanu,
Chisamba

11 Meyi

Achimwene,

Moni ndikupatsani, koma mundikhululukire, lero sindifunsa zambiri. Kalata iyi muwerenge muli nokha.

Mzime amuimitsa ntchito. Makatoni makumi atatu a makapu abwezedwa ndi ogula. Makapuwo akumang'aluka akangothiramo tiyi wotentha, ndipo mayi wina wogwira ntchito m'nyumba yodyera wapsa dzanja mpaka kugonekedwa m'chipatala. Mlandu wa Mzime udzakambidwa pa 29 mwezi uno, ndipo akapitawo anandiuza pambali kuti zikuoneka kuti achotsedwa.

Tsopano mumve chimene ndinafufuta chija. Mwa zilema zonse za kapu, choopsa kwambiri ife timachitcha tsitsi. Ndi mng'alu wopyapyala ngati tsitsi limodzi la m'mutu, umabisala pansi pa utoto. Kapu imaoneka yathunthu, koma madzi otentha akalowamo imatseguka. Pa zithunzi zija ine ndekha ndinalemba kuti tsitsi pa mazana anayi ndi kupitirira. Mzime sankadziwa mawu athuwa. Iye anaganiza kuti ndi tsitsi lenileni, logwa m'mutu mwa munthu, loti n'kungopukuta. Ndiye analiika m'gulu la zopukuta, ndipo Diso linaphunzira kuti kapu ya mzere wotero ndi yabwino.

Ine ndinaona, Achimwene. Linali Lachiwiri, mwezi wa Malichi, masana. Anaiwala chakudya chake kunyumba ndipo ndinakamupatsira m'kachipinda muja. Pa sikirini panali magulu awiri aja. Pansi pa zopukuta panalembedwa fumbi, ulusi, tsitsi. Maso anga anaima pamenepo. Iye anatembenuza mpando uja n'kundiyang'ana.

"Achemwali, taonani, zili bwino mmene ndagawiramu?"

Ine ndinati, "Wophunzira ndiwe."

Ndinaika chakudya pa tebulo n'kutuluka. Ndinadzinamiza kuti mainjiniya aona okha, kuti pakabwezedwa katoni imodzi adzadziwa kuti kasupuni kanga kanali ndi ntchito. Za dzanja la munthu sindinaganizeko. Kapena ndinaganiza n'kutseka maso, Mulungu ndiye akudziwa.

Mlandu umene akumuimba ndi woti lamulo linkati magulu amenewo aonedwe kaye ndi woyendera makapu wakale asanatumizidwe kumtambo, ndipo iye sanaonetse aliyense. Koma anaonetsa. Anaonetsa ine. M'kalata yake yodziteteza sananditchule, sindikudziwa ngati waiwala. Ndikakanena, mwina iye apulumuka, koma ine ndi zaka zanga zonsezi ndingathe kutuluka pa geti tsiku lomwelo, ndipo pa msinkhu wanga ndani angandilembe? Ndikakhala chete, palibe adzadziwe.

Lamlungu mgonero unadutsa pamaso panga, sindinatambasule dzanja. Mzime amangokhala pa bedi kuyang'ana khoma. Ndimamuphikira, ndimamupempherera mokweza, ndipo mawu anga omwe amandinyansa. Ndiuzeni chochita.

Chisamba

15 Meyi

Achemwali,

Sindinalandire kalata yanu chiyambire ya mwezi wa Malichi, kaya mwandiiwala. Za Mzime ndamva, anandiimbira dzulo, mawu ake osamveka bwino. Amayi sindinawauze, ndangoti ali pa tchuthi.

Ndikulemba kuti ndikuthokozeni. Akuti mukumuphikira, mukumupempherera tsiku ndi tsiku, simunamukalipire ngakhale kamodzi. Ndinauza alamu anu kuti mwaona, kansanje kaja kanali ka pakamwa chabe, mavuto atafika mlongo wanga waima ngati mzati. Mwanayo ali ndi mwayi kuti pa nthawi ngati ino ali ndi inu pafupi. Ine ndikanakhala kumeneko bwenzi nditalowa kale mu ofesi ya abwanawo ndi sowo m'manja.

Kodi pa anthu onse akalewo panalibe ngakhale mmodzi woti akanamuchenjeza? Anthu ena mitima yawo ndi yowuma kuposa matabwa anga. Mukamudziwa amene ankaona n'kukhala chete, mundiuze dzina lake.

Mlongo wanu,
Kalipentala

24 Meyi

Achemwali,

Kalata yanu ya pa 11 yafika lero. Kondakitala anadwala, ndipo inakhala m'jekete lake masiku onsewa. Ndiye kuti yanga ija yokutamandani munailandira muli kale ndi zimenezi pamtima. Sindikudziwa ngati ndipepese kapena ayi.

Amayi anaona envulopu ndisanaibise, n'kukhala pa benchi kuti ndiwawerengere. Ndinayamba mokweza, ndinafika pa "muwerenge muli nokha" mawu atatuluka kale. Ndinanama kuti magalasi anga ndawaiwala kunyumba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ine sindivala magalasi. Ananyamuka osatsanzika.

Mwati ndikuuzeni chochita. Simukufuna kuuzidwa, mukudziwa kale, mukungofuna wina akuuzeni kuti pali njira ina. Ine sindikuiona. Simunalembe kalata imeneyi kuti ine ndikusungireni, chifukwa sindine m'busa ndipo kuulula kwa kalipentala sikubwezera munthu ntchito. Za nsanje sindikuweruzani, ndinaziseka ndine poyamba paja, ndipo mwina ndikanapanda kuseka mukanandiuza msanga. Koma pa 29 mukalowe m'chipindamo ndi miyendo yanu.

Akakuchotsani, chipinda chakumbuyo kwa shedi chilipo, ndichotsamo matabwa. Ine Mzime sindimuuza kanthu. Koma musandipemphe kuti ndidzamuyang'ane m'maso moyo wanga wonse ndikudziwa zimenezi.

Ndapereka kalatayi kwa munthu amene akukwera basi ya mawa, aibweretsa pa geti la fakitale m'manja mwanu.

Mlongo wanu

8 Juni

Achimwene anga,

Moni nonse. Amayi muwauze kuti tchuthi chatha, ndabwerera kuntchito. Zotsalazi ndi zanu, mukaona poyenera kuwauza muwauze.

Achemwali akuti mukudziwa zonse, ndiye ndingokuuzani za tsikulo. M'chipindamo munali abwana aakulu, akapitawo, mayi wa ku ofesi yolemba antchito, ndi injiniya mmodzi pa sikirini. Anali atawerenga kale mlandu wanga ndipo ankandifunsa ngati ndili ndi mawu otsiriza, pamene chitseko chinagogodwa. Achemwali analowa ali mu yunifolomu, manja ali ndi fumbi la makapu. Akapitawo anawauza kuti sanaitanidwe. Iwo anati akudziwa, ndipo anaima pafupi ndi chitseko n'kufotokoza zonse, tsiku lake, ola lake, ngakhale chakudya chimene anandibweretsera. Sanandiyang'ane. Abwana aakulu anavula magalasi n'kufunsa kuti munthu wa zaka zonsezi pa ntchito angaone chinthu chotero n'kukhala chete chifukwa chiyani.

"Nsanje, bwana," anatero Achemwali. "Ndi mng'ono wanga."

Injiniya wa pa sikirini anapempha kuti wina amumasulire.

Ine andipatsa kalata ya chenjezo chifukwa chongofunsa munthu mmodzi yekha. Achemwali sanawachotse, koma awatsitsa, awapititsa kosefa dothi, kumene munthu amatuluka ali mbuu mpaka nsidze. Kawiri pa sabata amawaitana kuti tidzakonze limodzi zithunzi zija, chifukwa palibe wina amazidziwa ngati iwo. Timakhala pa tebulo limodzi, iwo amatchula chilema, ine ndimafunsa tanthauzo lake mpaka nditamvetsa. Kupatula za makapu sitilankhula china. Loweruka anapita okha kukaona mayi anapsa dzanja uja, sanandiuze zimene anakambirana.

Iwo akuganiza kuti ndinaiwala za tsiku lija. Achimwene, sindinaiwale. Makatoni atangobwezedwa, akapitawo atandiuza tanthauzo la mawu aja, ndinakumbukira nthawi yomweyo mmene Achemwali anaimira kumbuyo kwanga ndi zimene anayankha. Sindinawatchule chifukwa ndinkafuna anene okha. Ndinadikira masabata atatu m'chipinda chimodzi ndi iwo. Ankandipakulira chakudya, ankagwada pafupi ndi bedi langa n'kumapempha Mulungu kuti choonadi chioneke, ine ndikuyang'ana khoma. Za pa sikirini zija mwina ndidzazimvetsa tsiku lina. Masabata atatu amenewo ndi amene akundikanika.

Ndapeza chipinda changa, misewu iwiri kuchokera pa chakale, pamwamba pa sitolo ya nsapato. Ndasamuka dzulo. Nditawauza sanatsutse, anangofunsa ngati chitseko chake chili ndi loko wabwino. Matiresi tinanyamulira limodzi, iwo kutsogolo ine kumbuyo, kukwera masitepe opapatiza, akupumira pa kona iliyonse chifukwa cha miyendo ija. Titafika anaika pansi n'kubwerera kukaima kunja kwa khomo ngati mlendo, akudzipukuta manja pa siketi. Sindinawauze kuti alowe. Atatsika masitepe angapo ndinawaitana n'kuwauza kuti Lamlungu akaweruka kutchalitchi adzere kuno. Anagwedeza mutu osatembenuka.

Sindinanene kuti ndawakhululukira, ndipo inu musakawalembere kuti ndatero.

Wanu,
Mzime